Ulendo wa ana a giredi 6 ku Jamestown: mapepala ananditopetsa kuposa anawo

Aphunzitsi anzanga amene mukuphunzitsa mbiri ya America ku middle school (sukulu ya ana oyambira cha m'giredi 6) kuno ku Virginia, ngati mwaganiza zoti ana akaone Jamestown ndi maso awo, imvani ichi musanagwire cholembera. Ma Jamestown alipo awiri. Historic Jamestowne ndi malo enieniwo, pachilumba pomwe Angerezi 104 anafika mu Meyi 1607 n'kumanga linga. Jamestown Settlement ili chapafupi pomwepo, koma iyo ndi malo oonetsera zakale, okhala ndi linga longomanga mofanizira, nyumba za anthu a mtundu wa Powhatan, omwe Angerezi anawapeza m'derali, ndi zombo zitatu zofanizira, Susan Constant, Godspeed ndi Discovery. Oyendetsa ake ndi osiyana, matikiti osiyana. Pa fomu iliyonse lembani dzina lonse, musangoti "Jamestown".

Ine ndinalemba lonse, Historic Jamestowne, zilembo zikuluzikulu. Koma ku ofesi yomwe imalipira maulendo a sukulu zathu, munthu wina anangoona mawu oti Jamestown n'kukonza malipiro opita ku Jamestown Settlement. Ndinadziwira pa imelo yondikumbutsa kuti ndalama sizinafike ndipo tsiku lathu likhoza kupita kwa sukulu ina. Foni kuofesiko sinkayankhidwa. Ndinapempha mnzanga andigwirire kalasi, ndinapita ndekha, ndipo anandiuza mwaulemu wonse kuti amene amaona zimenezi sanabwere. Nditamupeza tsiku lina, akuti pepala lolakwika silikonzedwa, limafafanizidwa, ndiye zonse ziyambirenso: siginecha ya ahedi, ya woyang'anira maphunziro a mbiri, kenako ya iwo omwewo amene analakwitsa. Kupepesa n'komwe ayi. Ndinatuluka mmenemo mtima uli phaphapha, ndikuganiza za mayeso a ana omwe anali mulu m'galimoto osachonga.

Za basi ndiye ndikanayamba nazo, poti zimenezi zimafunika kale kwambiri. Mabasi achikasu a sukulu amayenera kubwerera msanga kuti akatenge ana oweruka masana, choncho nthawi yanu kumaloko ndi yochepa. Basi yahayala imakupatsani tsiku lonse koma mtengo wake umagwera makolo. Makolo ofuna kuperekeza amayamba afufuzidwa mbiri yawo, ndipo zimenezo sizichitika sabata imodzi. Namwino wa pasukulu mupatseni mayina msanga, akuuzeni amene ali ndi mphumu ndi amene chakudya china chimamuwenga. Mankhwala awo muziyenda nawo m'chikwama chanu, osati kuwasiya m'basi.

Wina angafunse kuti bwanji osangovomera kupita komwe ndalama zinalowera. Kumeneko n'kwabwino, ana amakwera chombo n'kudabwa kuchepa kwake. Koma ine ndinkafuna chilumbacho. M'buku, njala ya m'nyengo yozizira ya 1609 mpaka 1610 ndi chiwerengero chabe, kuti m'lingamo munatsala anthu pafupifupi 60. Mwana akaima m'mbali mwa mtsinje wa James, akaona madambo ozungulira, ukamuuza kuti madzi amenewa amasakanikirana ndi amchere ndipo anthu ankamwa omwewo pa nthawi ya chilala choopsa, sufunikanso kulankhula zambiri. Kwa zaka zambiri anthu ankakhulupirira kuti lingalo linakokoloka ndi mtsinje, mpaka katswiri wofukula zakale William Kelso ndi gulu lake atayamba kukumba mu 1994 n'kupeza mmene munali nsanamira. Mnyamata wina amene m'kalasi samva ndi kumva komwe anandifunsa kuti, ndiye kuti mabuku akale ankanama? Funso limenelo tinakhala nalo sabata yonse yotsatira.

Chenjezo lina, ndatsala pang'ono kuiwala. Mu 2012 ofukula anapeza chigaza cha mtsikana wa zaka pafupifupi 14, amene anamutcha Jane, chokhala ndi zipsera za mpeni zosonyeza kuti pa njalayo anthu anadya mnofu wa womwalira. Ana adzamva zimenezi, ndipo ndi zimene adzakafotokoze kunyumba madzulo. Ikani chiganizo chimodzi chokhudza nkhaniyi m'kalata ya makolo, ahedi aione. Kuli bwino kholo likane mwana wake asanakwere basi kusiyana n'kuti likubwerereni mawa lake litakwiya.

Ndipo 1619 musaidumphe chifukwa cha nthawi. Chaka chimenecho nyumba ya malamulo yoyamba inakumana m'tchalitchi cha ku Jamestown, ndipo mu Ogasiti chombo cha White Lion chinatsitsa Aafirika opitirira 20 ku Point Comfort, komwe lero ndi Fort Monroe. Anagwidwa kudera la Ndongo, ku Angola wa lero. Mmodzi mwa amene anafika masiku omwewo, mayi wotchedwa Angela, anadzakhala ku Jamestown komweko. Ana ena ankandiyang'ana ngati ndikumudziwa, ndinachita kuwaonetsa pamapu kutalikirana kwa Angola ndi kwathu ku Malawi. Koma za fodya wa John Rolfe, amene anapulumutsa mudziwo n'kuchititsa kuti pafunike anthu ambiri ogwira ntchito, zimenezo ndiye ndinafotokoza ngati mwana wa ku Kasungu, wodziwa mmene msana umapwetekera pothyola ndi kusoka masamba.

Chakudya chamasana muuzeni wa kukhitchini pasadakhale kuti alonge m'timapepala, ndipo muwerenge ana nthawi iliyonse akamakwera. Fomu ya malipiro muijambule pafoni musanaipereke, dzina lonse la malo likuoneka bwino, Historic Jamestowne ndi "e" wake kumapeto. Ndalama zomwe zinapita kolakwika mpaka pano sizinabwerere m'thumba la giredi yathu, ndipo ulendo wa ku Yorktown ukudikira zomwezo.