Moon waffle wa Homer Simpson: phunziro la shuga ndi moto

Mu gawo la katuni ya The Simpsons lotchedwa Homer the Heretic, lomwe linaonetsedwa koyamba ku America mu 1992, Homer amajomba kutchalitchi Lamulungu lozizira kwambiri n'kudzikonzera chakudya chomwe amachitcha moon waffle. Amathira masiwiti a caramel m'chitsulo chootchera ma waffle (zitumbuwa zaphwatalala za timabowo), n'kuthirapo phala la fulawa ndi liquid smoke (madzi a fungo la utsi). Chikapsa amakulungiramo mpukutu wathunthu wa batala. Pakanema zimatheka bwinobwino. Kukhitchini zimakanika pa zifukwa zitatu, ndipo zonse zikukhudza kutentha.

Vuto lalikulu ndi masiwitiwo. Caramel wofewa wa m'sitolo amakhala ataphikidwa kale mpaka pafupifupi madigiri 120, ndipo muli mkaka. Chitsulo cha waffle chimafika madigiri 180 mpaka 200. Shuga amayamba kufiira akafika cha m'ma 160, ndipo akapitirira 180 amada n'kuyamba kuwawa. Choncho siwiti yogunda chitsulo mwachindunji imapserera phala lisanapse mkati, n'kumatirira m'timabowo. Chomwe ndaphunzirapo n'chakuti caramel asakhudze chitsulo konse. Anthu a ku Gouda, ku Netherlands, anazindikira zimenezi kalekale: stroopwafel wawo amayamba amuotcha, kenako n'kumung'amba pakati ndi kupakamo manyuchi.

Phala lake ndi ili: fulawa magalamu 250, masupuni ang'ono 2 a baking powder, supuni yaikulu 1 ya shuga, kamchere, mazira 2, mkaka mamililita 400 ndi batala wosungunula magalamu 60. Sakanizani zouma pazokha, zamadzi pazokha, ndiye muphatikize. Musatakase ngati mukuvundula nsima. Timibulu tikatsala, tisiyeni; kutakasa kwambiri kumalimbitsa fulawa ndipo waffle amatuluka ngati mphira. Phalalo likhale mphindi 10 musanayambe kuotcha.

Caramel mupange wanu. Ikani shuga magalamu 150 ndi masupuni aakulu 3 a madzi mupoto wokhuthala pansi, pamoto wapakati. Akangoyamba kuwira musalowetsemo supuni, chifukwa shugayo amabwerera n'kukhala ngati mchenga, muzingopendeketsa poto. Akafika mtundu wa uchi wakupsa, phulani n'kuthira khirimu wofunda mamililita 100 pang'onopang'ono. Amafufuma mwaukali, dzanja likhale patali ndi nthunzi. Malizani ndi batala magalamu 30 ndi kamchere.

Liquid smoke ndi utsi wa nkhuni womwe amauziziritsa mpaka kusanduka madzi. Ngwamphamvu zedi. Homer amangokhuthula, koma madontho 3 kapena 4 mu caramel yense akwana. Mukapyola apo chakudya chimanunkha phulusa. Ndi bwino kuthira mu caramel ataphulidwa kale kusiyana ndi m'phala, poti mumatha kulawa n'kuwonjezera dontho limodzilimodzi. Ngati botololo mulibe, khala la pambaula ligwira ntchito. Ikani kakapu kachitsulo pakati pa mbale ya batala wosungunula, muikemo khala lofiira, dontheziranipo batala pang'ono kuti lifuke, n'kuvindikira mphindi 5. Ophika a ku India amachita zomwezi pofuna kuti ndiwo zimveke utsi. Kwa ine fungo la khala ndi lofatsa ndipo limagwirizana bwino ndi shuga kuposa la m'botolo.

Tsopano kukulunga. Waffle akangochoka pachitsulo amakhala wofewa chifukwa cha nthunzi ya mkati. Ikatuluka amauma, ndipo mukamupinda amathyoka. Thirani phala lochepa kuti akhale wopyapyala, mumuphule atangofiira, pa mphindi 3 kapena 4, mupake caramel n'kupinda nthawi yomweyo. Mukadikira ngakhale mphindi imodzi mwachedwa.

Za batala sizifuna kuchulutsa mawu. Mpukutu wa ku America ndi magalamu 113, ndipo batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35 basi. M'kati mwa waffle wotentha kunja kwa mpukutuwo kumayenderera m'manja pomwe pakati padakali pozizira. Dulani kachidutswa kakatali ka magalamu 15, kochokera mufiriji, kuti maonekedwe a katuni aja akhalepo.

Ngati mwayesa njira ya Homer yeniyeni ndipo chitsulo chada, musapale ndi mpeni. Zulani pulagi, dikirani chizizireko, yalani kansalu konyowa mkati n'kutseka. Nthunzi ifewetsa shuga wopsererayo pakatha mphindi 10, mupukute, ndipo ngati m'makona mwatsalira bwerezaninso.