Palibe Amene Anasamala

Kompyuta yanga inadwala matenda odabwitsa. Ikagwira ntchito theka la ola, mausi ankayamba kuyenda ngati bilimankhwe, ndipo kiyibodi inkatulutsa chilembo chimodzi ine nditadina kale zisanu. Ndinagula mausi wina. Nayenso anakwawa.

Ndiye ndinalemba dmesg, lamulo loonetsa zonse zimene kernel, pulogalamu yomwe ndi mtima wa Linux, yakhala ikung'ung'udza chiyatsireni makina. Pansi penipeni panali mawu akuti "irq 16: nobody cared", kenako "Disabling IRQ #16". Ati palibe amene anasamala. Zinandiwawa ndithu, ine munthu woipukuta fumbi Loweruka lililonse.

IRQ ili ngati belu la pakhomo. Kachipangizo kakafuna purosesa kamaliza belu, ndipo interrupt controller ndiye mlonda wokanena kuti lalira ndi liti. Kernel imafunsa madalaivala (timapulogalamu toyendetsa zipangizo) onse a belulo kuti, "Mlendoyu ndi wanu?" Likalira ka 100,000, onse n'kukana koposa ka 99,900, kernel imatopa, imadula belulo n'kumangosuzumira pakhomo ka 10 pa sekondi. Mu /proc/interrupts, mndandanda wa mabeluwo, ndinaona kuti USB, momwe ndimalumikiza mausi ndi kiyibodi, imagwiritsanso belu la 16 lomwelo. Mausi wanga ankalangidwira mlandu wa eni.

Apa m'pamene nzeru zinandichulukira. Ndinayatsa makina ndi lamulo la noapic, kuti IO-APIC, mlonda wamakono, ipume, ntchito ibwerere kwa agogo ake, 8259. Agogowa anali kale mu IBM PC ya 1981 ndi mabelu 8. Mu 1984 anawaika awiri, wina atakoleka pa IRQ 2 ya mnzake, n'kutsala mabelu 15 ogwira ntchito. Zipangizo zanga zonse zinapanikizana pa mabelu ochepawo, ndipo dandaulo linangosintha nambala. Ndinayesa acpi=off, lamulo lozimitsa mbali yoyang'anira magetsi. Kompyuta inaleka kudzizimitsa yokha, inkangondiyang'ana fani ikulira mpaka nditakanikiza batani. Memtest86+, pulogalamu yoyeza memori, inayenda usiku wonse osapeza kanthu, ine nditakhala pambali ngati wodwazika matenda.

Tsiku lachitatu ndinagamula kuti wolakwa ndi motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zipangizo zonse. Ndinatsegula bokosi n'kuunika makapasita ndi tochi kufuna otupa pamutu, koma onse anali athanzi kuposa ine. Poti dzanja linali litalowa kale, ndinazula kabatire ka CR2032 kosalakwa kaja. BIOS, pulogalamu yodzutsa makina imene imadalira kabatireko, inaiwala zonse, ndi deti lomwe, moti intaneti inayamba kundikana ati wotchi yanga ili m'mbuyo zaka zambiri. Ndinali nditabereka matenda achiwiri oyamba asanapole.

Akazi anga anandipeza nditagwada pansi, tochi ili kukamwa.

"Abambo, nanga chopendekekachi n'chiyani?"

"Musakhudze, izi n'zamagetsi," ndinatero, malovu akutsikira pa tochi.

Koma ndinayang'ana. Inali khadi yakale ya TV imene ndinailowetsa ndekha m'mpata wa PCI pa motherboard chaka chatha, osaimanga sikuluwu, poti ndinati ndimanga mawa. Dalaivala wake sindinaikenso. Mwezi watha, posuntha desiki, ndinakoka chingwe cha eriyo mwamphamvu, khadiyo n'kutukuka mbali imodzi. Kuyambira pamenepo inkangoliza belu la 16 usana ndi usiku popanda woidziwa. Ndinaizula, n'kuchotsa mankhwala anga onse aja, dmesg inangoti zii. Mausi wakale uja anathamanga bwinobwino, watsopano ali mu dirowa.

Pofuna kubweza ulemu wanga, ndinayamba kuwafotokozera za mlonda, za mabelu, ndi za ka 99,900 kaja. Anamvetsera modekha mpaka ndinamaliza.

"Ndiye kompyuta imapirira," anatero. "Ine ndakuitanani masiku atatu osayankha, ndasiyira pa 40. Mukandifuna, ndizisuzumira kamodzi pa tsiku."