Chikumbutso cha agogo anthabwala kuno ku Joni

Agogo amene ankatcha mdzukulu aliyense wamwamuna kuti "amuna anga" sakumbukiridwa ndi nkhope zakugwa. Koma mwambo wotere ukapanda kukonzedwa bwino umasanduka maliro achiwiri.

Yambani ndi nthabwala zawozo, masabata 3 tsiku lisanafike. Pemphani abale akumudzi atumize mawu pa WhatsApp, aliyense nkhani imodzi yosapitirira mphindi 2, ndipo aiyankhule momwe ankayankhulira agogowo. Yolemba ija imazizira, chifukwa chosekesa chinali mawu ndi kapumidwe kawo. Wamkulu mmodzi azimvetsere zonse kaye. Agogo ankatha kunyogodola apongozi kapena kutchula ngongole ya munthu anthu n'kuseka, koma mdzukulu akabwereza zomwezo pagulu pamabuka mlandu.

Tsiku labwino ndi Lamlungu masana, popeza ambiri ku Johannesburg amagwira ntchito Loweruka. Obwera kuchokera ku Mayfair kapena Rosettenville pa taxi amafuna kunyamuka kusanade, makamaka mu June ndi July kukamazizira, choncho yambani 1 koloko. Nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi, akumudzi angathe kulowa pa foni. Sipika muitchajiretu, magetsi sadalirika.

Ufa wa makilogalamu 10 umakwanira anthu pafupifupi 40. Usipa ndi chimera cha thobwa itanitsani msanga kwa obwera pa basi. Katundu amachedwa pa Beitbridge, malire a Zimbabwe ndi South Africa.

Abusa kapena ashehe muwauziretu mwaulemu kuti pemphero likhale lalifupi. Woyamba kusimba akhale mdzukulu wolimba mtima, osati mwana wa malemu, amene misozi imamugwira asanafike posekesa.