Kuyezetsa khosi louma pambuyo pa radiotherapy: musaiwale pepala lija

Nditamaliza radiotherapy (chithandizo chowotcha khansa ndi makina) ya khansa ya pakhosi ku India ndinkati nkhondo yatha. Patatha miyezi 8 khosi linauma gwa ngati chikopa choyanika, kutembenuka kuti ndione kumbuyo mpaka thupi lonse litsatire. Mbamu ya nsima ndinkachita kuiphwanya pawiri kuti ilowe. Madokotala amati fibrosis, zipsera za mkati zimene zimakula pang'onopang'ono makina aja atawotcha.

Tsiku lokayezetsa khosilo kuchipatala ndinadzuka 4 koloko, minibasi ziwiri, pamzere mpaka 11 koloko. Nditalowa, funso loyamba: "Bambo, pepala losonyeza mlingo umene anakuwotcherani lili kuti?" Linali kunyumba, m'chikwama cha pasipoti. Palibe anandiuza pondipatsa tsiku. Anangoti ndibwere sabata ya mawa, osandigwira ngakhale khosi. Ndalama ya ulendo, tsiku lonse, zonse m'madzi. Ndinatuluka misozi ili chapafupi. Inu, pepalalo liyende nanu, mulijambulenso pa foni. Langa linalembedwa 70 Gy (muyeso wa mphamvu yowotchera), maulendo 35, masabata 7.

Kuyeza kwenikweniko ndi mphindi zochepa. Nditabwerera ndi pepalalo, adokotala anakanikiza khosi ndi zala, kutsina khungu kuona ngati likunyamuka kapena lamatirira ku mnofu, n'kundiuza ndiyang'ane kumanja, kumanzere, kumwamba. Kenako rula pakati pa mano akutsogolo, akumwamba ndi akumunsi. Anga anakwana mamilimita 24. Zikafika 35 kutsika pansi ndiye kuti nsagwada zagwira. Kunyumba yesani zala zitatu zosanjikiza; ine zinkalowa ziwiri mokakamiza.

Ndaiwala, magazi anatenganso, chifukwa kuwotcha pakhosi kumafooketsa chithokomiro. Ndipo musalole kuzulidwa dzino musanawauze kuti munawotchedwa, fupa la nsagwada limatha kukana kupola.

A physio, othandiza odwala ndi mafizo, anandipatsa timitengo tosalala tija amapanikizira lilime. Ndimatisanjikiza pakati pa mano kangapo pa tsiku, n'kuwonjezera kamodzi zikamasuka. Zimawawa, koma pano ndili pa 29. Nambala iliyonse ndimauza alembe m'buku la kuchipatala, chifukwa ulendo wotsatira mumapeza dokotala wina amene sadziwa munachokera pati.

Chimene chimandipweteka n'chakuti timitengoti ndikanayamba ndikadali pa chithandizo, nsagwada zisanagwire. Lachinayi ndikubwereranso, pepala lija ndalimata kale m'kati mwa bukulo.