Tsiku limene ndinakadya ku Boma la ku America

Ndinagwira ntchito ya uphunzitsi kwa zaka 34, ndipo zaka 11 zomalizira ndinali mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulaimale ku Dedza, kotero kuti ndinazolowera kuti ndikatsegula pakamwa anthu amangogwedeza mutu n'kulemba zimene ndanena. Chizolowezi chimenechi ndinapuma nacho pantchito, ndinalowa nacho pa ukulu wa mpingo, ndipo pamapeto pake ndinakwera nacho ndege mpaka ku Florida, kumene chinakandigwetsa pamaso pa adzukulu anga.

Mwana wathu wamkazi ndi namwino ku Indiana ndipo anakwatiwa ndi mzungu wakomweko, munthu wofatsa amene mawu a Chichewa amene amawadziwa bwino ndi awiri okha, "zikomo" ndi "bambo". Atatiitana ine ndi mayi a kunyumba kuti tikawachezere, anakonzanso zoti tonse asanu ndi mmodzi, kuphatikizapo adzukulu awiri, tikakhale masiku angapo ku Walt Disney World, malo a zisangalalo amene ali pafupi ndi mzinda wa Orlando ndipo anatsegulidwa mu 1971. Kumeneko munthu sangodzuka n'kukalowa m'malo odyera otchuka ngati mmene timalowera mu lesitilanti pamsika, chifukwa malo amayamba kusungitsidwa kutatsala masiku 60. Ndiye madzulo ena mkamwini wanga anandiimbira pa WhatsApp ndili pakhonde kwathu, mwana wanga akumasulira pamene Chingerezi chake chathamanga, ndipo anandiuza mwaulemu kuti popeza ine ndine mwini wake wa Africa, ndisankhe malo amodzi mwa atatu ophika zakudya za ku Africa amene ali pahotela ya Animal Kingdom Lodge.

Anawatchula mmodzimmodzi. Oyamba anali Jiko, dzina la Chiswahili lotanthauza pophikira, amene amadziwika ndi vinyo wochuluka wa ku South Africa, ndipo ine monga mkulu wa mpingo amene sanalawe mowa kuyambira tsiku limene anabatizidwa ndinawakana mwamphamvu, mokweza mawu kuti aneba amve. Achiwiri anali Sanaa, kumene amasakaniza kaphikidwe ka ku Africa ndi ka ku India ndipo munthu amadya akuonera nyama pazenera, koma nditamva kuti chotchuka kumeneko ndi buledi wa Amwenye woviika m'timbale tambirimbiri ta ndiwo ndinati buledi si chakudya choti munthu n'kuwolokera nyanja. Atatchula achitatu ndinawongoka pampando. Dzina lake linali Boma.

Sindinafunse funso lililonse. Ndinangotembenukira kwa mayi a kunyumba amene ankasankha nyemba pamphasa n'kunena kuti, "Mayi, tikafika ku America tikadya ku Boma." Tsoka lake mng'ono wanga anali atakhala potero akudikira kuti abwereke njinga, ndipo mawuwo anawanyamula mmene analili. Pofika Lamulungu mudzi wonse unali utadziwa kuti aphunzitsi aitanidwa kukadya ndi boma la America, ndipo m'tchalitchi anatipempherera motchula kuti Mulungu andipatse nzeru poyankhula ndi akuluakulu. Apa ndiyenera kuvomera tchimo langa. Sindinaname kwa munthu aliyense, koma sindinakonzenso munthu aliyense, ndipo anthu akandifunsa ndinkangomwetulira n'kunena kuti nkhani zina siziyenera kuululidwa nthawi isanakwane. Kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke amfumu anabwera okha ndi kalata yodindidwa bwino yopempha mjigo, ndipo ndinailandira ndi manja awiri n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete langa la kutchalitchi.

Hotelayo, imene inatsegulidwa mu 2001, ndi nyumba yaikulu yokongoletsedwa ngati yaudzu, ndipo kuseri kwake kuli dambo limene akadyansonga, mbidzi, nthiwatiwa ndi ng'ombe za nyanga zazitali zimangoyendayenda anthu akuzionera pakhonde. Mdzukulu wanga wamkazi wa zaka zisanu ndi chimodzi anakakamira pamenepo pafupifupi ola lathunthu, ndipo panali kamwana ka mbidzi kamene anakakonda kwambiri mpaka kukapatsa dzina. Ine ndinaima pambali pake manja ali kumbuyo, ndikufotokoza za makhalidwe a mbidzi ngati munthu amene anakulira nazo m'khola, ngakhale kuti moyo wanga wonse ndinaziona kamodzi kokha ku Nyika, ndiponso patali, ndili m'basi ya ana asukulu.

Titatsikira kodyerako ndinayang'ana uku ndi uku kufuna mbendera kapena msilikali wa pachipata, koma ndinangoona mabanja ovala makabudula ndi ana ovala makutu a mbewa. Ine ndekha ndi amene ndinali mu jekete ndi tayi, thukuta likuyenderera m'khosi. Mtsikana amene anatilandira, wochokera ku South Africa, anatifotokozera mwansangala kuti dzinalo ndi la Chiswahili ndipo limanena za mpanda umene anthu amatchinga mudzi kapena khola. Ndinazindikira pomwepo kuti n'chifukwa chake ifenso timati "kuboma", popeza maofesi a atsamunda ankakhala m'mipanda yotero, ndipo ndinakumbukira ndi manyazi ana mazanamazana amene ndinawaphunzitsa kuti mawuwo ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi. Mayi a kunyumba anandiyang'ana, kenaka anayang'ana thumba la jekete, ndipo sananene kanthu, chimene kwa munthu amene wakhala nawo zaka 41 chinali choopsa kuposa mawu.

Ndinaganiza zobweza ulemu wanga pa chakudya. Kumeneko munthu amalipira mtengo umodzi n'kumadzigawira yekha mpaka atakhuta, ndipo ndinatsogolera banja lonse pamzere ndikutchula mbale iliyonse molimba mtima. Nyama yogaya yophikidwa mu uvuni ndi mazira pamwamba, imene pambuyo pake ndinamva kuti ndi bobotie ya ku Cape Town, ndinauza mkamwini kuti kwathu timadya pamaliro a mafumu. Pamene ndinapeza pap, imene ndi nsima ya anzathu a ku South Africa, pamodzi ndi chakalaka, ndiwo ya tomato, anyezi ndi tsabola, mtima wanga unakhala pansi, chifukwa apa pokha ndinkanena zoona. Ndinakasamba m'manja, ndinakankhira foloko pambali, ndipo ndinaphunzitsa mkamwini kutema mbamu, kuiumba m'chikhatho ndi kuboola kadzenje ndi chala chachikulu. Munthuyo anayesetsa ndi mtima wonse mpaka msuzi unamutsikira m'chigongono, ndipo ine ndinamva kuti ndabwereranso pa udindo wanga.

Ndikanalekera pomwepo bwenzi nkhaniyi kulibe. Koma nditapita kukawonjezera ndiwo ndinaona, kumapeto kwa mzere, timibulu tozungulira tokhala ngati theka la dzira, toyera ndi mizere yakuda, ndipo pakachikwangwani panalembedwa kuti Zebra Domes. Mawu oyambawo ndinawamva bwino, achiwiriwo ndinawalumpha. Ndinatenga zisanu n'kuziika pambali pa nsima, ndipo zina ziwiri ndinazikulunga m'kapepala kopukutira m'manja n'kuzilowetsa m'thumba la m'kati, poganiza kuti ndiwo yosowa chotere ndi yofunika kukaidyanso mofatsa kuchipinda.

Mdzukulu wanga anandifunsa m'Chichewa chake chothyokathyoka kuti, "Agogo, chimenecho n'chiyani?" Ndinamuyankha mokweza, kuti ndi mkamwini yemwe apindule, kuti imeneyi ndi nyama ya mbidzi yosinja, ndipo mizereyo amaisiya dala kuti wodya asakayike. Mwanayo anayang'ana mbale yanga, anayang'ana kumene kunali dambo lija, ndipo milomo yake inayamba kunjenjemera. Kenaka analira kulira kwenikweni, kotchula dzina la kamwana ka mbidzi kaja, mpaka anthu a pamatebulo oyandikana nafe anasiya kudya.

Pofuna kuonetsa kuti palibe choopsa, ndinatema mbamu, ndinaidinda pa kambulu kamodzi n'kuponya mkamwa. Zimene lilime langa linakumana nazo sindidzaziiwala, chifukwa zinali zozizira, zofewa ngati phala la mwana, ndiponso zotsekemera kuposa uchi, zitasakanikirana ndi nsima ndi tsabola wa chakalaka. Munthu wanzeru akanaseka n'kuvomera. Ine ndinameza, ndinapukuta pakamwa, n'kulengeza kuti mbidzi za ku America zimanona mosiyana ndi zathu chifukwa cha zimene amazidyetsa, ndipo pofuna kutsimikiza mawu anga ndinadya zinayi zotsalazo motsatizana, chilichonse ndi mbamu yake. Ndiyeneranso kuvomera kuti pofika pa chachitatu zinali zitayamba kundikomera.

Mtsikana wa ku South Africa uja anabwera atamva kulirako, anagwada pafupi ndi mwanayo, ndipo anamutsimikizira kuti palibe mbidzi imene yaphedwa, kuti timibuluto ndi chokoleti chodyera pamapeto pa chakudya. Kenaka anatembenukira kwa ine mwaulemu wonse n'kuwonjezera, ngati munthu amene akundiuza nkhani yosangalatsa ya kwathu, kuti kukoma kwake kumachokera ku Amarula, chakumwa chopangidwa kuchokera ku zipatso za mtengo wa marula. Mtengowo ndimaudziwa bwino, ndi mfula, umene uli kuseri kwa sukulu imene ndinkaphunzitsa. Ndinafunsa ndi mawu otsika ngati chakumwacho chili m'gulu la Fanta, ndipo mwana wanga, amene misozi ya kuseka inali ikutsika, anayankha kuti, "Ababa, ndi mowa."

Mayi a kunyumba anaika supuni pansi pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Abambo, safunsa anadya phula, koma inu mwadya mowa ndi nsima, kasanu." Ndinayesa kufotokoza kuti mowa wa m'chakudya ndi wochepa kwambiri ndiponso kuti munthu sachimwa pa chimene sakuchidziwa, koma anandikumbutsa kuti ndine ndemwe ndinakana malo a vinyo aja mokuwa pakhonde, ndiponso kuti chaka chathachi ndinatsogolera bwalo la mpingo poimitsa mnyamata wina kudya mgonero chifukwa cha botolo limodzi limene iyenso ankati sankadziwa kuti muli chiyani. Mkamwini, amene sanamve mawu ngakhale amodzi, anaona kuti zinthu zavuta ndipo anagwiritsa ntchito Chichewa chake chonse nthawi imodzi. Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Zikomo, bambo."

Mwanayo anakana kundiyankhula mpaka titabwerera pakhonde lija kukawerenga mbidzi zonse ndi kuona kuti kamwana kake kali moyo. Tinaima panja nthawi yaitali, ndipo kutentha kwa ku Florida sikutha ngakhale dzuwa litalowa. Titafika kuchipinda ndinavula jekete n'kupeza kuti malaya anga oyera ali ndi chibanga chabulauni pamtima, ndipo nditapisa dzanja m'thumba ndinatulutsa kalata ya amfumu itanyowa chokoleti kuyambira pa "Wolemekezeka" mpaka pa chidindo, ikununkhira mfula.

Titabwerera kumudzi, tisanamasule n'komwe zikwama, amfumu anafika ndi nduna zawo ziwiri n'kukhala pakhonde pomwe paja. Titatha malonje anafunsa funso limene ndinkaliopa kuyambira ku Orlando, lakuti boma lati chiyani za mjigo. Mayi a kunyumba, amene ankathira tiyi, anagwidwa ndi chifuwa chadzidzidzi n'kuthawira kukhitchini. Ndinakonza tayi, ndinatsokomola pang'ono, ndipo ndinayankha kuti kalatayo inafika ndithu ku Boma, inakhala nawo pa chakudya chamadzulo, ndipo nkhaniyo akuluakulu akuiona. Amfumu anagwedeza mutu mokhutira n'kuuza nduna zawo kuti maboma onse ndi amodzi, chifukwa la ku Dedza nalonso linawayankha chimodzimodzi zaka zitatu zapitazo.