Wogula atati ndimubwezere ndalama za kamera

Uthengawo unafika patatha masiku 9 chitumizireni katundu. Inali kamera yakale ya filimu, ya m'zaka za m'ma 1970, imene ndinagulitsa pa okushoni ya pa eBay, msika wa pa intaneti. Wogulayo sanayambe wandilankhula ine, anangotsegula dandaulo lakuti katundu sakugwirizana ndi zimene ndinalemba. Akuti mkati mwa lenzi muli chuku.

Ndinapsa mtima, osanama. Pamalondapo ndinali nditalemba momveka bwino kuti katundu akapita sabwerera. Koma mawu amenewa amangogwira ntchito ngati wogula wangosintha maganizo. Akanena kuti chinthucho n'chowonongeka kapena n'chosiyana ndi chimene munalonjeza, lamulo la eBay Money Back Guarantee limamupatsa masiku 30 chilandirireni katundu oti adandaule, ndipo wogulitsa mumapatsidwa masiku atatu a ntchito oti muyankhe. Mukangokhala chete, iye amapempha kampani kuti ilowerere, ndipo akhoza kubwezeredwa ndalama zake katunduyo ali naye m'manja.

Tsiku loyamba sindinayankhe, kuopa kulemba ndi mkwiyo. M'malo mwake ndinatsegula zithunzi zonse zimene ndinajambula ndisanatumize. Ndinali ndi chithunzi cha nambala ya kamera, cha nambala ya lenzi, cha katoni nditaimata kale, komanso risiti yokhala ndi nambala ya tracking, yolondolera pamene katundu wafika. Apa ndinali pabwino. Chimene chinandiziziritsa nkhongono ndi mawu anga omwe. Ndinalemba kuti "galasi la lenzi ndi loyera", koma lenziyo ndinangoiyang'ana kutsogolo, pawindo. Sindinawalitsemo tochi.

M'mawa mwake ndinamulembera kuti: "Pepani kuti simunakhutire nayo. Kodi mungandijambulire lenziyo mutawalitsa tochi kumbuyo kwake?" Iye anati tikambirane pa foni kuti zithe msanga. Ndinakana mwaulemu. Zimene mwakambirana kunja kwa mauthenga a pamsikapo, oweruza dandaulo sazionako, ndiye zikavuta mulibe pogwira.

Chithunzi chimene anatumiza chinali chosaoneka bwino. Ndinamuuza kuti ndikhoza kumubwezera gawo la ndalama kuti akatsukitse lenziyo, kamera n'kukhala yake. Njira imeneyi ndimaikonda chifukwa katundu wakale sayendanso ulendo wachiwiri, ndipo onse awiri mumapuma. Anakana. Ndinavomera kuti abweze, ndipo pa dandaulo la mtundu umenewu ndalama zotumizira amalipira ndi wogulitsa. Ndinamutumizira lebulo yokhala ndi tracking tsiku lomwelo.

Phukusi litafika sindinathamangire kulitsegula. Ndinaimika foni patebulo, n'kuyamba kujambula vidiyo katoni ili yomata, lebulo ikuoneka. Izi ndimachita nthawi zonse, chifukwa alipo ogula ena amene amabweza chinthu china chofanana nacho koma chakufa, kapena amachotsamo kachipangizo. Zikatero, nambala ija ndi vidiyo ndiye mboni zanu, ndipo ngati mlandu wakugwerani mumakhala ndi masiku 30 ochitira apilo. Ndinawerenga manambala mokweza. Anali omwewo. Kenako ndinazimitsa magetsi, ndinatsegula lenzi mpaka kumapeto, n'kuwalitsa tochi kumbuyo kwake.

Chinalimo. M'mphepete mwa galasi lamkati munali timizere toyera tonga ulusi wa kangaude, toti masana simungatione. Chuku choterechi chimamera pang'onopang'ono lenzi ikakhalitsa pamalo a chinyontho, sichingabwere m'masiku ochepa amene inali kwa iye. Munthu uja sananame. Zinandipweteka kuti ndinamuganizira zoipa, pamene iye anangolandira chinthu chosiyana ndi chimene analipirira.

Katundu akabwerera, mumapatsidwa masiku awiri a ntchito oti mubweze ndalama. Ine ndinabweza zonse usiku womwewo, n'kumulembera kuti chuku chija ndachiona ndipo kulakwa kunali kwanga. Zithunzi, vidiyo ndi marisiti sindinafufute. Wogula amene analipira ndi PayPal, njira yolipirira pa intaneti, pa madandaulo ena amakhala ndi masiku mpaka 180 oti adandaule kumeneko, ndipo wa khadi akhozanso kudzera kubanki yake, choncho mapepala a malonda alionse ndimawasunga kupitirira miyezi isanu ndi umodzi.

Sabata yotsatira ndinaiikanso kamera ija pa okushoni. Chithunzi choyamba chinali cha lenzi tochi ikuwala mkati, timizere tija tikuonekera, ndipo m'munsi ndinalemba kuti muli chuku m'mphepete, ikufunika kutsukidwa. Inapita pamtengo wotsikirapo, kwa munthu amene anandiuza kuti malenzi amatsegula n'kutsuka yekha.