Mayeso a masatifiketi a IT: muyambe ndi ati, mutsirize ndi ati

Munthu amene ali ndi masatifiketi asanu a gawo loyambira, ina ya Microsoft, ina ya AWS, ina ya CompTIA, amaoneka wakhama, koma wolemba ntchito sadziwa pomuika. Kusanja mayeso kumayambira ku ntchito imene mukuifuna pakatha zaka ziwiri. Sonkhanitsani zolengeza za ntchito imeneyo zokwana 15 kapena 20, mulembe masatifiketi amene akutchulidwa, ndipo muwerenge kuti iliyonse yatchulidwa kangati. Imene yachuluka ndiyo ya kumapeto. Mayeso ena onse alowe pamndandanda pokhapokha ngati akukufikitsani kumeneko.

CompTIA A+ ndi ya munthu amene sanagwirepo ntchito yokonza makompyuta ndi kuthandiza owagwiritsa ntchito. Ili ndi mayeso awiri, Core 1 ndi Core 2, aliwonse a mphindi 90, ndipo pamafunika malikisi 675 ndi 700 pa 900. Onse awiri ayenera kukhala a silabasi imodzi. Apa ambiri amagwa m'mbuna: akhoza Core 1, apuma miyezi, silabasiyo ithetsedwa, ndiye ayambirenso. Amene wakhala chaka akuika Windows ndi kusintha ma hard disk angoidumpha A+.

Chosadumphika ndi netiweki. Za chitetezo cha makompyuta ndi za cloud (maseva obwereka kudzera pa intaneti) zonse zakhazikika pamenepo. Mafunso a Security+, satifiketi ya CompTIA ya za chitetezo, amatenga ngati mukudziwa kale kuti SSH imadutsa pa port 22, HTTPS pa 443, DNS pa 53, komanso kusiyana kwa TCP ndi UDP. Ku AWS, cloud ya kampani ya Amazon, pomanga VPC (netiweki yanuyanu mkati mwa cloud) mumagawa maadiresi nokha. Dziyeseni motere: mwapatsidwa 192.168.10.0/26, kodi mungathe kunena musanathe mphindi imodzi kuti muli maadiresi 64, ogwiritsika 62, mask yake 255.255.255.192, ndipo subnet yotsatira ikuyambira pa 192.168.10.64? Ngati mukufika potulutsa foni, musalembetse Security+ kapena za cloud kaye. Mudzaloweza mayankho, mwina n'kukhoza, koma funso loyamba la pa intavyu lidzakuvulani.

Pa netiweki pali njira ziwiri, ndipo kulemba zonse n'kutaya nthawi kwa anthu ambiri. Network+ ya CompTIA siidalira zipangizo za kampani imodzi, ndi ya mphindi 90, malikisi okhozera 720. CCNA 200-301 ya Cisco ndi ya mphindi 120, yozama kwambiri, ndipo imafuna kuti manja azolowere kulemba malamulo pa switch ndi router: kupanga VLAN, kukonza trunk, kuyatsa OSPF, kulemba ACL. Wofuna kukhala injiniya wa netiweki apite ku CCNA mwachindunji, aziyeserera tsiku ndi tsiku pa Packet Tracer, pulogalamu ya Cisco yoyeserera netiweki. Wongodutsa popita ku chitetezo, Network+ imukwanira. Kulemba Network+ mutakhoza kale CCNA kuli ngati kubwerera kalasi imene munaidutsa.

China choyang'ana ndi nthawi imene satifiketi imatha mphamvu, ndipo apa ndi pamene dongosolo labwino limapulumutsa ndalama. A+, Network+ ndi Security+ zimakhala zaka zitatu. Koma mukakhoza yapamwamba, zapansi zimene zikadali zamoyo zimawonjezeredwa nthawi: Network+ imadzutsa A+, Security+ imadzutsa zonse ziwiri. Choncho kukwera kuchokera pansi kuli ndi phindu limene kutsika kulibe. Ku Cisco n'chimodzimodzi. CCNA imakhala zaka zitatu, ndipo kukhoza 350-401 ENCOR, amene ndi mayeso aakulu a CCNP Enterprise (gawo lapamwamba pa CCNA), kumaiwonjezera nthawi. Wanzeru amaika ENCOR m'chaka chachiwiri kapena kuchiyambi kwa chachitatu, kusiya mpata wobwereza akalephera. Ku AWS nako ndi zaka zitatu, ndipo Solutions Architect Associate imawonjezera nthawi ya Cloud Practitioner, satifiketi yawo yoyambira.

Microsoft ili ndi malamulo ake. AZ-900, yoyambira pa Azure (cloud ya Microsoft), siitha mphamvu, choncho ilibe changu. AZ-104, ya woyang'anira Azure, imatha pakapita chaka chimodzi, koma mumaiwonjezera kwaulere pa Microsoft Learn m'miyezi isanu ndi umodzi yomaliza. Mukaphonya nthawiyo, ndi kulembanso mayeso onse. Ndipo kuti mulandire satifiketi ya Azure Solutions Architect Expert, kukhoza AZ-305 kokha sikukwanira, pamafunikanso AZ-104. Lembani masiku onsewa pakalendala tsiku lomwe mwakhozalo, chifukwa mauthenga okumbutsa amapita ku imelo imene mwina munasiya kuitsegula kalekale.

Pa cloud sankhani kampani imodzi mufike nayo pa gawo la associate musanayang'ane ina. Mayina a zinthu amasokoneza mukaphunzira ziwiri pamodzi, pomwe mfundo zake n'zofanana ndipo yachiwiri imadzaphweka. Kodi Cloud Practitioner ya AWS ndi yofunika? Kwa wodziwa kale maseva ndi netiweki, ayi. Ubwino wake ndi woti mumazolowera kafunsidwe ka AWS, ndipo mukakhoza amakupatsani vocha yochotsera theka la mtengo wa mayeso otsatira. SAA-C03, mayeso a Solutions Architect Associate, ili ndi mafunso 65 m'mphindi 130, ambiri ake nkhani zazitali. Amene Chingelezi si chilankhulo chawo chobadwa nacho angapemphe mphindi 30 zowonjezera, koma pempholo lichitike musanasankhe tsiku la mayeso, osati mutasankha kale.

CISSP, satifiketi yapamwamba ya za chitetezo ya bungwe la ISC2, isiyeni kumapeto. Imafuna zaka zisanu za ntchito m'magawo awiri kapena kuposa mwa magawo ake asanu ndi atatu, ngakhale digiri yoyenera imachotsapo chaka chimodzi. Mukakhoza zakazo zisanakwane mumangokhala Associate of ISC2, simungadzitche CISSP.

Pakati pa mayeso ndi mayeso, siyani mpata wobwereza. CompTIA imalola kubwereza koyamba nthawi yomweyo, koma ulendo wachitatu mudikira masiku 14. Cisco ndi masiku asanu, AWS masiku 14, Microsoft maola 24 mukalephera koyamba kenako masiku 14. Onaninso tsiku limene silabasi ikutha. Ngati kwatsala miyezi iwiri ndipo simunayambe, gulani mabuku a silabasi yatsopano. Nambala ya mayeso, monga SY0-701 kapena N10-009, ifanane ndi imene ili pachikuto cha buku, chifukwa mabuku akale amagulitsidwabe.

Tsiku la mayeso lisankheni mukayamba kupeza 80 kapena 85 pa 100 m'mayeso oyeserera amene simunawaonepo. Kubwereza mafunso omwewo kachitatu kumangoyesa kukumbukira kwanu. Mafunso obedwa, amene amawatcha dumps, angakulanditseni satifiketi, ndipo sathandiza pa mayeso ngati RHCSA ya Red Hat, kumene amakupatsani makina enieni kuti muwakonze. Kumeneko zimene mwakonza ziyenera kugwirabe ntchito makina akazimitsidwa ndi kuyatsidwanso. Mzere umodzi wolakwika mu /etc/fstab, fayilo youza Linux ma disk oti ilumikize poyaka, ungachititse kuti makinawo asadzuke bwino, ntchito yonse n'kupita pachabe. Choncho mukasintha fayiloyo, yendetsani mount -a, muone ngati palibe cholakwika, ndipo muzimitse ndi kuyatsanso makinawo nthawi ikadalipo.